Amalume Awaletsa Kuyankhula pa Chiliza Chanu

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo ndithu. Mpunga wa ku Likangala wacha bwino chaka chino, ngakhale mbalame zatidyera ndime ya kumunsi ija. Esinati wanga wabereka mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Denga la khitchini likudonthabe.

Koma ndikulemba mtima ukuwira, ndipo wandiputa ndi mwana wanu Filipo. Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza chanu. Filipo wafika kuchokera ku Lilongwe ndi pulogalamu yotayipa kale, koma dzina la amalume a Namakhwa, mlongo wanu yekhayo wotsala, mulibemo. Akuti mayankhulidwe awo ndi a kunyanja, Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe, ndiye apongozi ake ndi anzake a kuofesi adzaseka. Wapeza munthu wa m'tauni woti adzayankhule m'malo mwa banja. Munthu woti sanakuonenipo ndi tsiku limodzi lomwe, Amayi! Zinayamba liti zoti mwinimbumba akhale chete pamanda a mlongo wake?

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Chaka chatha a kuntchito kwake anamutumiza ku Nigeria, ndipo atabwera anatigonthetsa m'khutu ndi nkhani. Akuti kumeneko Chiigbo cha mudzi uno chimasiyana ndi cha kutsidya kwa mtsinje, Chihausa ndi Chiyoruba chimodzimodzi, ngakhale Chizungu chomwe dera lililonse lili ndi chake. Anajambula pafoni asodzi a Chikanuri akucheza, n'kumatiyikira kuti timve, akunyadira ngati wagula njinga yamoto. Ndiye msodzi wa eni ake ndi wokoma kumumva, koma amalume ake, msodzi wa pachilumba cha Chisi, amene anamulera iyeyo zaka zitatu bambo atamwalira, ndi wochititsa manyazi?

Ndinamufunsa maso ndi maso kuti, “Achimwene, Amayi akamakukalipirani, ankakukalipirani m'Chichewa cha pawailesi?” Anangoti ine za m'tauni sindizidziwa. Inu munkakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Kaya Filipo munkamuuza ali m'tulo.

Nkhaniyi yawoloka kale nyanja. Amalume atumiza mawu kudzera mwa mayi wina wogulitsa matemba, akuti, “Muwauze anawo asavutike, ine ndikhala konkuno. Ndingawachititse manyazi.” Chonsecho mayiyo akuti amalume jekete anali atachapitsa kale, ndipo mwezi wonsewu akhala akuyeserera mawu awo uku akusoka ukonde. Nditamva ndinalira, Amayi, ndipo misozi itatha ndinakwiya koposa.

Mawa m'mawa ndikwera boti kukawatenga. Akakana ndikawagwadira, akakanabe ndikagona pakhonde pawo.

Ndikukulonjezani kuti nsalu ya pachiliza sichotsedwa mpaka mlongo wanu atayankhula, m'mayankhulidwe omwewo amene munkakanganirana nawo awirinu. Filipo akati alimbe mutu, ndikakhala pansalupo ineyo, alendo ake a ku Lilongwe akaone chenicheni choti aseke.

Ndine mwana wanu wokukondani kosaleka,
Aginesi