Ntchito Imene Amayi Amaitukwana

Okondedwa achemwali anga Awatef,

Mtendere ukhale nanu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Nanga amayi akudya bwino? Ife kuno ku Cairo tilipo, ine ndi mlamu wanu Rawya.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndodo za yureniyamu zikachoka m'ng'anjo ya nyukiliya zimabwera m'chimtsuko cha mtovu, palibe angazikhudze. Timaziimika kuseri kwa chikhoma n'kuziwomba ndi cheza cha manyutironi. Filimu ikayandikira ndodozo imada, ndiye chithunzi chimayamba chagwera pa kachitsulo kopyapyala, kenako kachitsuloko timakakagoneka pa filimu m'chipinda chamdima. Tikatero timaona ming'alu ya m'kati popanda kudula ndodo. Ndimayang'ana, ndimalemba, n'kukwera basi kubwerera kunyumba.

Ndinapita kwa dokotala monga amayi ankaumirira. Mwana sitidzakhala naye, ndipo vuto lili mwa ine, osati mwa Rawya. Sindinalire. Pobwerera ndinagula buledi ngati masiku onse, ndipo mpaka lero mumtima muli zii.

Ndinamufunsa dokotalayo ngati vutoli ladza ndi cheza cha kuntchito, chimene amayi amati chinandiwotcha. Ataona zotsatira za kabaji koyeza cheza kamene timavala pachifuwa, anati chimene ndalandira n'chochepa kwambiri. Kenako anafunsa ngati ndinadwalapo matsagwidi nditakula kale.

Mukukumbukira, nthawi yodula nzimbe ija? Ndinatupa masaya, kutupako n'kutsikira kumusi mpaka kuyenda kunandikanika. Inu munkati tipite kuchipatala ku Qena. Amayi anatseka chitseko, anati chipatala chinawadyera kale mwamuna, sichiwadyeranso mwana. Anandigonera pambali mpaka malungo atatha.

Dokotala akuti mwina ngakhale tikanapita sizikanasintha kanthu. Koma amayi mumawadziwa. "Mwina" ameneyo sangamumve, adzangomva zoti anatseka chitseko ndi iwo.

Ndinamuuza Girgis, mnzanga wa m'chipinda chamdima. Iye anati, "Iwe Ragab, yureniyamu ilibe amake. Isiye isenze mlanduwu, ikadandaula kwa ndani?"

Pempho langa ndi lomwelo, achemwali. Amayi akafunsa, muwauze kuti ndi ntchito. Aitukwane mmene angafunire, auze anthu onse a m'mudzi, andinene kuti ndine wosamva chifukwa sindinaisiye. Ndizingovomera. Mawu akuti matsagwidi asatuluke m'nyumbamo. Rawya akudziwa zonse ndipo wavomera kukhala chete. Ngati akhalabe nane, sindinamufunse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi muwapsompsone dzanja m'malo mwanga. Tizipewa ta khanda timene akutilukira tija musawaletse, amalize. Mudzapeze wina woti mum'patse.

Ndine mlongo wanu,
Ragab