Mabotolo a Pansi pa Firiji

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha koopsa. Ndatsegula galaja koyamba chichitikireni maliro a amuna anga. Fumbi pa boneti, ovolosi yawo ikadali pamsomali. Injini yalira kamodzin'kamodzi. Ndakhala m'katimo kudikira singano ya geji ifike pakati, monga ankandikakamizira amuna anga. "Osaponda moto injini isanafunde, mayi." Ine woyendetsa, iwo makaniko. Ku bwalo la mpikisano wa magalimoto ankangowatchula kuti a Sipanala. Mpikisano womaliza chaka chino uli pa 18. Ndalembetsa. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Alamu atulukira, amva kale. "Mlamu, galimoto yampikisano yopanda makaniko wake ndi zitsulo chabe. Wogula alipo." Ndawauza kuti andisiye ndithamange pa 18, ikandikana aitenge. Pakamwa pangapa!

Atachoka ndatsegula firiji yaikulu ija kufuna nkhuku. Malo mbwee. Kale inkadzaza ndi mabotolo awo a madzi oundana, nyama kusowa poika. Tinkakangana mwezi ndi mwezi. Iwo kumangoseka, "Nyama ikafune kwina kokhala." Sabata ya maliro azimayi anawatulutsa mabotolowo. Ndinapambana mkanganowo popanda wondiyankha.

Loweruka, 11 Okutobala

Kukayeserera ku bwalo. Ulendo woyamba bwinobwino, tebo yopopera mpweya mu injini ikuimba, msana kumatirira kumpando. Wachiwiri, kulemera. Wachitatu ngati ndakoka ngolo ya mchenga. Koma geji sinafike pofiira. Madzi sakuwira, fani ikuzungulira. Nanga mphamvu ikupita kuti?

Pamzere wodikira aliyense ali ndi wake womutsegulira boneti. Ine ndekha, chipewa chotetezera mutu chili kumutu, thukuta kamukamu. Kale ndinkangoona boneti yaimirira patsogolo panga, iwo ali kuseri kwake, sindinkadziwa n'komwe zomwe akugwira. Ndikamaliza kuthamanga ankandipatsa botolo la madzi ozizira pawindo. Lero ndamwa a pampopi, ofunda.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mapulagi ndasintha. Sefa ya mpweya ndatsuka. Rediyeta ilibe vuto. M'mawa kukadali kachisisira imathamanga ngati yatsopano, masana ulesi womwe uja. Ndalalatira galimoto mokweza, kenako ndachita manyazi ngakhale munalibe munthu. Nyumba ili zii. Mwana waimba foni kuchokera kusukulu, ndamuuza kuti zonse zili bwino. Amuna anga ndawasowa. Ndawasowa mpaka kukwiya nawo. Munthu ungapite bwanji osasiya mawu?

Lachitatu, 15 Okutobala

A Ndevu, makaniko amene amaimika pafupi nafe ku bwalo, abweza jeke yomwe anabwereka kalekale. Ndawafotokozera. Andiyang'ana modabwa. "Nanga Loweruka lija mabotolo a ayisi munawasiya kuti, amayi?"

Mabotolo ati?

Akuti injini imafuna kufunda, inde, koma mpweya wolowa umafunika wozizira. Ikaima pamzere padzuwa, paipi yolowera mpweya imatentha, mpweya wotentha ndi wopepuka, moto m'kati umachepa, kompyuta ya galimoto nayo imabweza mphamvu poteteza injini. Geji ya madzi siona zimenezo. A Sipanala ankakulunga mabotolo oundana m'thaulo n'kuwagoneka papaipipo, n'kuwachotsa nthawi yanga ikakwana. Bwalo lonse linkadziwa. Kupatula mkazi wawo.

Ndiye madzi ankandipatsa pawindo aja anali omwewo, atasungunuka.

Ndaseka pamaso pa a Ndevu. Atatuluka pageti ndakhala pansi pasimenti, sindinaseke.

Lachisanu, 17 Okutobala

Dzulo madzulo ndinadzaza mabotolo anga n'kuika mufiriji. Magetsi anazima pasanapite nthawi, mpaka pano sanayake. Mabotolo angozizira basi, palibe loundana. Kugolosale ayisi watha, aliyense akupulumutsa nyama yake.

Ndatulutsa zonse mufirijimo, mwina n'kupeza kachidutswa. Pansi penipeni, kuseri kwa jumbo la nandolo, mabotolo awiri olimba gwa. Tepi yakuda yamagetsi pakhosi, mamangidwe awo. Azimayi aja sanawaone. Anathira ndi manja awo madzi amenewa.

Ndawagwira mpaka zala kuchita dzanzi. Ndikapita nawo asungunuka. Ndikawasiya, galimoto ipita ndi alamu. M'nyumba muno mulibenso china chimene chili mmene anachisiyira, ngakhale pilo ndinachapa.

Ndawakulunga m'bulangeti.

Loweruka, 18 Okutobala

Dzuwa loswa mtengo. Ndafunditsa injini, singano pakati. Pamzere ndatsika ndekha, ndatsegula boneti ndekha, thaulo, mabotolo papaipi. Koyamba kuima kuseri kwa boneti ija. Kutentha kwake kumeneko! Zaka zonsezi ankapsa chonchi, ine ndili phee pampando kudandaula za nyama.

Ulendo woyamba bwino. Wachiwiri bwino. Wachitatu yakoka ngati m'mawa, ndinakuwa ndekha m'chipewamo. Sindinapambane, wina wa galimoto yofiira anandisiya pang'ono. Zilibe kanthu. Alamu anali kumpanda, manja m'thumba. Angoti, "Ikuthamanga ndithu," n'kumapita. Za wogula sanatchule.

A Ndevu anatola botolo limodzi, madzi okhaokha tsopano, n'kundipatsira pawindo. Anachita mwaulemu, sankadziwa. Kukhosi kunali gwa ndi ludzu koma sindinatsegule. Ndinangoliika pamiyendo mpaka kunyumba.

Magetsi ayaka. Mabotolo awo onse awiri ndawabwezera pansi pomwe paja, anga pamwamba pake, firiji yadzaza mpaka kukamwa. Nkhuku yatsala patebulo, ikusungunuka.

Mwawina, a Sipanala. Ikafune kwina kokhala.