Mphindi Imodzi ya Telala

Lolemba, 8 Julayi

Kwatsala masabata awiri kuti anthu avote ngati dziko lituluke mu mgwirizano wa zamalonda ndi maiko oyandikana nafe kapena likhalebe, koma ine makutu atopa kale. Ku wailesi kwathu nkhani ndi yomweyi tsiku ndi tsiku, 4 koloko mpaka 5. Ntchito yanga ndi yomwe ija: kukhala kuseri kwa galasi, kulandira mafoni, kusankha olowa m'pologalamu, kenako kuwadula. Atatu a Tituluke, atatu a Tikhale, aliyense mphindi imodzi. Lamulo la Bwana Wotchi limenelo (dzinali tinawapatsa ndife, eni ake sakulidziwa). Amati tikangopatsa mbali ina sekondi imodzi yoonjezera, mawa lake tidzadzuka tili kukhoti.

Vuto ndi a Tituluke. Oimba alipo ambiri, koma lero woyamba anali ataledzera, wachiwiri amangofuna kutukwana nduna, wachitatu akuti mgwirizanowu anaulota uli ndi nyanga. Bwana akuti ndipeze munthu wamba wodziwa chimene akunena, apo ayi anthu aziti tikusankha dala zitsiru.

Ndaganiza za bambo. Zaka zonsezi akhala akung'ung'udza pa makina awo kuti zovala zolowa popanda msonkho ndizo zinapha utelala. Mawa ndipitako. Ndilinso ndi siketi yofunika kupinda.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ndawapeza pakhonde la shopu monga mwa masiku onse, tepi m'khosi, choko kuseri kwa khutu, phazi likupalasa. Anayamba akana, akuti pa wailesi pamayankhula anthu a madigiri. Nditawanyengerera anandifunsa kuti kodi munthu akamayankhula pa wailesi amavala chiyani. Amayi anaseka mpaka kutsokomola.

Ndawauza kuti ndi mphindi imodzi yokha. Akuti mphindi imodzi sasokera ngakhale batani. Komabe atenga pepala lija la khaki lodulira masitayilo, ayamba kulemba ndi pensulo. Siketi andiyeza, aibaya mapini, akuti Lachisanu.

Ine ndine wa Tikhale, ndipo iwo akudziwa. Amuna anga amayendetsa lole yodutsa malire, ndipo kampani yawo inanena poyera kuti tikatuluka, theka la madalaivala lizipita kwawo. Nkhani imeneyi ine ndi bambo timaizungulira ngati chithaphwi.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndilembe mmene zinakhalira, ndisakometse.

Pologalamu isanayambe ndinakumana ndi a Pulofesa, oyankhulira a Tikhale, pa ketulo m'khonde la ofesi. Anandifunsa kuti lero tawakonzera ndani. Ndinati telala wina wachikulire. Sindinanene kuti ndi bambo anga. Kenako, popanda wondifunsa, ndinawonjezera kuti, "Mumufunse kumene ulusi wake umachokera." Anaseka, nandiloza ndi supuni, akuti ndine woopsa. Ndipo ine ndinakondwa, mtima kuti myaa, kuti munthu wamkulu chotero wandiona.

Bambo analowa wachinayi. Anapereka moni kwa muulutsi, kwa a Pulofesa, kwa a Phungu a Tituluke, kwa omvera onse kulikonse kumene ali. Masekondi makumi awiri ndi asanu anathera pa moni. Atangoti akhala akusoka zaka makumi anayi ndi chimodzi, a Pulofesa anawadula pakamwa. Ulusi mumagula wochokera kuti, bambo? Anatchula dziko loyandikana nalo. Nanga zipi? Komweko. Singano? Komweko.

"Ndiye tikatuluka, muzisokera luzi?"

Situdiyo yonse inaphulika, ngakhale a Phungu amene anayenera kuwateteza. Bambo anati, "Mundilole ndimalize, ndalemba apa." Wotchi inali pa 1:00. Ndinadina batani.

Bwana Wotchi anandikwezera chala chachikulu. Ndinamwetulira. Chimenechinso ndichilembe: ndinamwetulira.

Lachinayi, 11 Julayi

Bambo sindinawaimbire. Nawonso sanandiimbire.

Lachisanu, 12 Julayi

Wina wadula kachigawo kaja, waikamo nyimbo, wafulumizitsa mawu a bambo kuti azimveka ngati kachidole. Kakuyenda m'mafoni ndi dzina loti Telala wa Luzi. M'basi mmawa amayi awiri kumbuyo kwanga anakaseweretsa katatu. Wina akuti anthu ngati amenewa asamaloledwe kuvota. Ndinangoyang'ana pawindo, nkhope ikutentha.

Amuna anga ali pa mzere kumalire. Anditumizira kanthu komweko ndi tinkhope toseka tisanu. Patapita mphindi khumi: "Kodi si apongozi amenewa?" Foni ndaibweza m'thumba.

A chipani cha a Phungu nawo akatola, akukaulutsa kuti onani mmene ophunzira amanyozera amphawi. Aiwala kuti bwana wawo anaseka nawo. Ndiye bambo anga tsopano akugwirira ntchito mbali zonse ziwiri, kwaulere.

M'pologalamu ya lero zomwezo. A Pulofesa akuti tikatuluka mitengo ya katundu ikwera, malole aima, ogula tiyi ndi shuga wathu apita kwina. A Phungu akuti tipirire zaka zisanu, tidzakhala ndi mafakitale athuathu. Palibe amene akunena kuti m'zaka zisanuzo tizidzadya chiyani, ndipo palibenso amene akunena za amene anasiya kale kudya. Ndadula anthu asanu ndi mmodzi, aliyense pa 1:00 ndendende.

Loweruka, 13 Julayi

Amayi abwera masana ndi jumbo. Mkati muli siketi yanga, yosasoka, mapini ali momwemo. Akuti bambo akuti maso akuwavuta sabata ino.

Anakhala pampando osavula nsapato, nkuyamba kundiuza zomwe sindinafunse. Akuti Lachitatu bambo anavala jekete ndi tayi kuyambira 2 koloko, nkutseka shopu kuti phokoso lisamveke pa wailesi. Nditawadula anakhala chiimire, foni ili kukhutu, akupitiriza kuwerenga mizere iwiri asanazindikire kuti akuyankhula okha. Tsopano anthu akamadutsa amakuwa kuti luzi, luzi, ndipo makina awachotsa pakhonde, awalowetsa mkati momwe muli mdima.

Koma chimene chandipyoza ndi ichi: akuti akunditeteza. Aliyense wonena kuti mwana wanu anakuchitani chipongwe, akumuyankha kuti mwanayo anagwira ntchito yake, lamulo ndi lamulo, wolakwa ndi iwo amene anachedwa ndi moni.

Ndinawapangira amayi tiyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkuti shuga ndathira kawiri.

Lamlungu, 14 Julayi

Ndapita kwa bambo. Ndinawapeza mkati akumasula ndi lezala msoko wa thalauza la munthu, atayandikiza nkhope pafupi ndi nsalu. Ndinakhala pa mpando wa makasitomala ngati mlendo. Ndinazungulira, za mvula, za mwana wanga, za lole, mpaka mawu anatha. Kenako ndinanena zonse: ketulo, supuni, ulusi.

Lezala linaima. Anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinali ine amene ndinauza a Pulofesa za ulusiwo. Ndinati inde. Anafunsa ngati a Pulofesawo ankadziwa kuti telalayo ndi bambo anga. Ndinati ayi, sindinawauze. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti yachiwiriyi yawawawa kuposa yoyamba.

Anatsegula kabati ya makina, natulutsa pepala la khaki lija, nandipatsa. Mzere woyamba pambuyo pa moni: "Ndikudziwa kuti tikatuluka, ulusi, zipi ndi singano zikwera mtengo." Pansi pake atelala khumi ndi mmodzi amene ankasoka mumsewu uno masukulu asanayambe kugula mayunifolomu a kunja, aliyense ndi kumene ali lero. Amene ankasoka masuti ndi mlonda pa sitolo ya zovala zomwezo. Mayi wa madiresi aukwati anagulitsa makina, akuchapa m'nyumba za anthu. Awiri anamwalira. Kumapeto funso limodzi kwa akuluakulu onse awiri: tikakhala, anthu awa apite kuti, ndipo tikatuluka, mkamwini wanga wa lole apite kuti?

"Unkaganiza kuti zaka makumi anayi sindinawerengepo zolembedwa pa ulusi wanga?"

Ndinalira, kulira konyansa kwa mamina. Sanandiletse, sanandigwirenso. Ndinati ndiwapezera mpata wina pa wailesi. Akuti wailesi yanga ili ndi mphindi imodzi, iwo nkhani ya mphindi imodzi alibe. Potuluka ndinasiya jumbo ya siketi pa tebulo lodulira. Iwo anati, "Muyende bwino, mayi." Chibadwire sananditchulepo inu.

Lolemba, 15 Julayi

A Pulofesa pa ketulo: kodi lero mwatikonzera telala wina? Ndinathira madzi otentha pambali pa kapu.

Bwana Wotchi akuti chiyambire Lachitatu omvera achuluka, ndipo andiganizira kumapeto kwa mwezi. Ndinati zikomo. Pakamwa panga pamadziwa ntchito yake, ngakhale mwini wake atafa ndi manyazi.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndikulemba ndili pa masitepe a kuseri kwa ofesi.

Itatsala pang'ono kukwana 5, foni yachitatu inawala. "Ndine telala uja, mayi. Ngati malo alipo." Aimba okha, pa nambala ya aliyense, adikira pa mzere ngati aliyense. Malo analipo amodzi. Ndinafunsa funso la pa fomu, loti Tituluke kapena Tikhale. Anati, "Lembani telala."

Ndinawalowetsa. Moni sanapereke. Anayamba ndi mzere wa ulusi uja, ndipo a Pulofesa amene anali atatsegula kale pakamwa anapatseka. Kenako mayina, mmodzimmodzi, osathamanga, monga amachitira poyeza munthu. Pa 1:00 anali pa wachitatu. Dzanja langa linanyamuka lokha. Ndinalikhalira.

Bwana anagogoda pa galasi, akuloza wotchi. Pa 1:30 anagogoda ndi kiyi. Pa 2:00 anatsegula chitseko changa, ndipo ine ndinatenga kapu yanga ya tiyi, nkuivundikira pa batani, nkuikapo manja onse awiri. Sanandikankhe. Anangoima kumbuyo kwanga akupuma ngati akwera phiri.

Mphindi zinayi ndi masekondi khumi. Atafunsa funso lawo lomaliza, m'situdiyo munati zii. A Phungu anayang'ana a Pulofesa, a Pulofesa anayang'ana mapepala awo. Muulutsi anadikira, nadikiranso, mpaka nyimbo ya nkhani za 5 koloko inalowa yokha. Foni anadula ndi bambo.

Bwana akuti mawa 8 koloko mu ofesi mwawo, ndipo ndibwere ndi khadi langa lolowera pageti. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndiye zoopsa. Amuna anga sindinawauze. Mwina pofika mwezi wa mawa tonse awiri tidzakhala pakhomo tikuyang'anizana.

Foni yalira ndili pano. Amayi. Akuti dikira, nawa bambo ako. Kumbuyo kumamveka magalimoto, ndiye kuti makina abwerera pakhonde.

"Siketi yako yatha. Ubwere udzayese, ndikuona ngati wanenepa."