Kamera ya Pageti Inandikana

Ba anti Maud,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Katete. Kuno ku Kanyama ana ali bwino, amuna anga ba Chrispin nawonso.

Kufakitale kwathu anaika kamera pageti. Simangojambula ayi, imayeza nkhope, kutalika kwa mphuno ndi kuzama kwa maso, ikakudziwa geti n'kutseguka. Lolemba inandikana katatu. Tsaya linali lotupa, diso lotsekeka. Mlonda anandibweza kunyumba.

Ba Chrispin akuuza anthu kuti ndinagwa pampopi. Paja pondilangiza munati za m'nyumba sizituluka panja, ndiye basi, ndinagwa pampopi.

Dzulo lake kutchalitchi aliyense anandipatsa moni, ena mpaka kuyamikira chitenje changa. Mu Kanyama monse muno, makina okha ndiwo anaona kuti nkhope yanga yasintha.

Ndine mwana wanu,
Tiza