Aneneri ati titseke bowo lotsala

Agogo,

Ndine mayi wa mwana mmodzi. Ndimakhala ku Meriting kuno ku Joni, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana, ndipo ndimachapa zofunda pa loji ina ku Mogwase. Amuna anga a Jairos amayenda ndi pulambala wa m'tauni ya Rustenburg. Ntchito yawo ndi kunyamula bokosi la masipanala, koma mutawamva akuyankhula pa foni ndi akumudzi mungayese mapaipi onse a mzinda uno anayala ndi iwo.

Chisanu chitayamba, abwana awo anakazula boyila ya gasi m'nyumba ya mzungu wina amene waika zoyendera dzuwa. Ndi chibokosi choyera chimene chimatenthetsa madzi, madziwo n'kumayenda m'mapaipi kupita m'zitsulo za nthitinthiti zofunditsa nyumba. A Jairos anapempha boyilayo ndi chitsulo chimodzi, n'kubwera nazo ataziphimba bulangete. Anamanga okha pakhoma la kumutu kwa bedi, kuseri kwa katani, silinda ya gasi n'kuiika pansi pa tebulo. Panja anakana, ati anyamata otola zitsulo za sikirapu sangachedwe kuziba. Paipi yaikulu ya pamwamba, imene amati chumuni, inafunika kuboola malata, ndiye eni nyumba sakanalola. Anangoidula n'kuisiya ikuyang'ana kudenga. Nditafunsa anati, "Iwe, azungu amatayira kutentha panja chifukwa ali nako kwambiri. Ife tikusunga."

Kunena zoona tinafunda, Agogo. Chibwerere kuno ku Joni, aka kanali koyamba kugona opanda jekete.

Vuto linayamba atalowa mnzanga wa chipinda choyandikana, Catarina, wa ku Tete. Ndi amene amandisungira mwana wanga Emelda, wa zaka ziwiri, ndikapita ku ntchito. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Achemwali, m'nyumba muno mwalemera. Mwanayu azigona kwanga." Chikondi chanji chimenechi, chofuna mwana wa mwini?

Kuyambira masiku amenewo mutu wandikhalira, chizungulire ndi nseru osanena. A Jairos amadzuka ngati agona ku shabini pamene mowa salawa. Emelda akungogona, akadzuka asanza. Galasi la zenera likuchita thukuta, khoma lada pamwamba pa katani. Chondidabwitsa n'choti ndikakwera takisi, mutu umasiya ndisanafike ku Mogwase, ndikabwerera umandichingamira pakhomo. Mwananso akangolowa kwa Catarina amayamba kuseka ndi kudya. Mwini mankhwala ndi amene amadziwa pomasulira, si choncho?

Ndinapita kwa aneneri ena ku Phokeng. Anaona zonse ndisanamalize n'komwe kufotokoza. Ati pali munthu wapafupi, wa dziko lina, amene akutitumizira mphepo yoipa kudzera m'mipata, ndiye titseke mpata uliwonse. Pansi pa chitseko taika chiguduli, zenera tamata ndi tepi. Yatsala njerwa ya mabowo yolowetsa mphepo ya pamwamba pa chitseko, ndipo a Jairos abweretsa simenti Loweruka. Kuntchito ndapempha tchuthi kuti Emelda azikhala ndi ine m'nyumba, asapitenso kumeneko.

Ndithandizeni: Catarina ndimuyalutse pamaso pa anthu, kapena ndimusiyire Mulungu? Ndewu m'dziko la eni sindiifuna, koma mwana ndi mmodzi yemweyu ndipo ndili ndi mantha.

S.C., Meriting

Mdzukulu wanga S.C.,

Uthenga ndakutumizirani kale pa nambala munalemba ija, sindikanadikira tsiku lotuluka nyuzipepala. Ndikubwereza pano chifukwa mainjiniya a mtundu wa a Jairos alipo ambiri.

Mfiti yanuyi yandigometsa. Takisi siikwera, ku Mogwase siikudziwako, ndipo inayamba ntchito tsiku lomwe boyila inayaka. Mayi amene mukumuganizirayo ati akufuna kupha mwana, koma mwanayo akafika m'manja mwake ndi pamene akuchira. Ufiti woterewu ndiye ubwere ndi kwathu kuno.

Chikukudwalitsani chili kuseri kwa katani. Gasi akamayaka mopanda potulukira utsi amatulutsa mpweya wakupha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Suoneka, sununkha, umangokugonetsani. Ntchito ya chumuni n'kuutulutsa panja. Amuna anu anachidula kuti asunge, ndipo asungadi, kumutu kwa bedi kwenikweniko. Mutu wanu, tulo ta Emelda, mwaye wapakhoma, zonsezo n'zochokera m'chibokosi choyeracho. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, mdzukulu wanga.

Tsekani gasi pa silinda pompano, silindayo ituluke m'chipindamo. Matulani tepi, tayani chiguduli, chitseko ndi zenera zikhale zotsegula. Kenako nyamulani Emelda mupite ku kiliniki lero, inu ndi a injiniya anu omwe. Mukawauze anamwino mosabisa kuti mwakhala mukugona ndi chipangizo cha gasi chopanda chumuni. Mukakangoti mwana sakupeza bwino, akupatsani panado n'kukubwezerani m'chipinda chomwecho.

Boyilayo isayakenso, ngakhale a Jairos atanena kuti pang'ono pokha kuti mufunde. Zinthu za gasi amamanga ndi munthu wolembetsedwa, wokhala ndi khadi lake, amene akamaliza amayeza ngati sizikudontha n'kupereka setifiketi. Ndikukayika ngati alipo wotero amene angavomere kupachika chimenecho pamwamba pa pilo. A Jairos awauze abwana awo zimene anachita ndi mphatso ija. Manyazi adzakhalapo, koma wonyamula chikwama cha dokotala sabaya jakisoni. Ngati ntchitoyi aikonda, akaiphunzire, ndi ntchito yabwino. Eni nyumba nawonso auzeni. Akalipa ndithu, ndipo kukalipako kudzatha. Chisanu chikavuta valaninso jekete ija. Mbaula musaiganize n'komwe.

Za aneneri sindinena zambiri. Anaona munthu wa dziko lina. Kodi m'zipinda za kuserizo alipo angati amene si a dziko lina? Inu nomwe muli m'gulumo. Maso awo anafika mpaka ku Tete, koma chibokosi chachikulu chonchija kumutu kwa bedi sanachione.

Mantha anu ndawamva, ndipo mwachita bwino kuopa. Mwangolakwitsa woopedwa. Catarina analowa kamodzi kokha n'kumva zimene inu munazizolowera, ndipo anapempha mwana kuti amupulumutse. Pochokera ku kiliniki mukagogode pakhomo pake, Emelda ali kumbuyo, mukapepese. Akalola, mugone komweko mpaka chibokosicho chitachoka pakhoma.

Simenti ya Loweruka ija a Jairos aisiye kumene ili. Njerwa ya mabowo imeneyo ndi imene yakusungani mpaka mwatha kundilembera. Mukaimata Loweruka, Lamlungu wothyola chitseko chanu adzakhala Catarina yemweyo.

Agogo anu