Bokosi lopanda kanthu pa pulogalamu ya maliro

Lolemba, 15 Ogasiti 2016

Bambo aang'ono a Maliki abwera kushopu kuno ku Mayfair ndi mapepala awiri. Mbiri ya malemu a Julius, bambo anga. Lachichewa alemba okha, lachingerezi alemba ana a mkazi wachiwiri wa bambo, wa ku Orange Farm uja. Akuti poti ndimatayipa, ndiziike moyandikana, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja. Zaka khumi ndili mu Joni, a Malikiwo sanandiitanepo kunyumba kwawo. Lero ntchito yapezeka, andikumbuka.

Lachiwiri, 16

Ndayesa makolamu, ndime zikungothawana. Ndayesa kukankha ndi sipesi, zangoipiraipira. Kompyuta nayonso yandikwana.

Lachitatu, 17

Ndapanga tebulo, ndime iliyonse m'bokosi lake, kuyang'anizana ndi inzake. Kubadwa, ulendo wa ku Joni, ntchito ya ku fakitale, zonse zalowa bwinobwino.

Kenaka ndime yachisanu. Kumanzere: anakwatira koyamba ku Machinga, anabereka mwana mmodzi, Felesita. Kumanja kulibe. Ndafunafuna papepala lawo mpaka kuseri. Iwo mbiri yawo yalumpha kuchoka pa fakitale kufika pa ukwati wa mayi awo. Ndangokhala kuyang'ana bokosi loyeralo mpaka kasitomala wa fotokope wandigwedeza phewa. Zandipweteka, sindinama.

Lachinayi, 18

A Maliki ataona pasikilini agwira pakamwa. Akuti m'mapepala awiri sizimaoneka, tebulo langali ndi lomwe laulula. Ana aja sadziwa za ine, mayi awo okha ndiwo amadziwa. Andiuza kuti ndifufute mzere wonsewo, pamaliro si pokumbira nkhani. "Mwanawe, ukhala kumbuyo ndi anthu a kumudzi, Mulungu akudziwa kuti ndiwe ndani."

Ndavomera ndi pakamwa. Atatuluka ndaunika mzerewo, chala chili pa batani lofufutira. Ndilembe dzina langa kumanja? Ayi, mawu awo sindikhudza. Koma angawa sindifufuta.

Ndapulinta zana limodzi momwemo.

Lachisanu, 19

Ndapinda onse, ndapereka kwa dalaivala wa tekisi. A Maliki aimba kanayi. Sindinayankhe.

Loweruka, 20

Orange Farm, fumbi ndi mphepo. Ndinakhala kunja kwa tenti monga anandiuzira. A Maliki osandiyang'ana n'komwe. Mayi aja anatsegula pulogalamu, n'kuipinda msanga, kuiponya m'chikwama.

Mwana wawo wamkulu, Sandile, Chichewa sadziwa, koma ndinamuona chala chili pa bokosi lija, akufunsa mkulu wina wa ku Machinga. Mkuluyo analoza ine ndi mutu.

Anabwera mpaka pomwe ndinakhala, nkhope ya bambo yeniyeni. "Nguwe uFelesita?" anandifunsa m'Chizulu. Ndinati ndine. Kenaka anati mpando kutsogolo ulipo, koma mayi ake sandilankhula.

Ndinamuuza kuti sindinabwerere kulankhulidwa. Ndinanyamula chikwama changa n'kumutsatira.