Lumo limodzi pa mitu ya ana onse

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kwa Mpama. Kaya inu muli bwanji ku Halaleko? Ife akulu tili bwino, koma ana ayi.

Chipere cha Yosefe wanga chija chinali chitayamba kuuma. Ndinkamupaka mankhwala a kumishoni osadumphitsa, ndipo asisitere anandichenjeza kuti lumo lake lisakhudze mutu wa wina. Tsono tsiku lometa maliro a amalume, amayi aakulu anasonkhanitsa ana onse n'kuwameta ndi lumo limodzi, kuyambira Yosefeyo. Nditaletsa, anati ndikunyoza malemu. Lero mwana aliyense akukanda m'mutu, mankhwala atha, ndipo mudzi wonse ukuloza chala mwana wanga.

Chonde titumizireni malezala, ndiponso muwalankhule amayi aakulu. Ine amandiyesa mwana, koma inu mwina akumverani.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Agnesi